Phazi la Rewi m'Chigwa Chouma

Ngaire, katswiri wa nthaka, atagwada pa banga lakuda limene analipeza padothi pafupi ndi msasa wawo, Rewi wophika anaima pambali pake.

"Taonani, bambo Rewi," anatero mayiyo akufikisa dothi m'zala. "Sopo ndi mafuta. Kuno ku Antakitika mvula kulibe, chimene wataya chimakhala pomwepo. Tinyongolotsi ta m'nthakamu tinafa tonse. N'chitsiru chanji chinakhuthula madzi otsukira mbale pano?"

Zaka makumi awiri zapitazo mgolo wa madzi oipa pamsasapo unadzaza, helikopita yodzautenga itachedwa. Rewi anazemba ndi ndowa imodzi yokha n'kudzaikhuthula pamalo amenewa.

Pambali pa bangalo panali podinda jombo, pooneka ngati padzulodzulo. Ngaire anatulutsa choyezera.

"Musavutike, mayi," anatero Rewi, maso ali pansi.

Anapondapo. Phazi linakwana ndendende.