Chipinda cha mandimu

"Amayi, musatsegule, mulowetsa mphepo!" anakuwa Troels.

Koma Mayi Bodil anali atatsegula kale. Chinali chipinda chawo chakale cham'mwamba, chomwe mwana wawoyu anawachotsamo n'kukawasiya kunyumba ya okalamba, ati masitepe angawaphe. Lero anangowatenga kudzadya Khirisimasi.

Pomwe pankakhala bedi lawo panali mtengo wa mandimu mumphika waukulu, nyale ikuuwalira, kunja kutayera mbee ndi chipale chofewa.

"Chisanu chikayamba ndimaunyamula ndekha mpaka muno," Troels anadzitama. "Panja ungafe, amayi."

Mayiwo anayang'ana masitepe aja, kenako manja awo owonda.

"Umalemera kuposa ine?"

"Kutalitali!" anaseka Troels, akupukuta tsamba ndi mpango.