Telala Amene Anadula Kumanzere Kawiri

Panali mayi wina wosoka zovala, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti shopu yake amaidziwa. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Diresi akakusokera iyeyo linkakhala ngati unabadwa nalo. Koma makasitomala anamupatsa dzina loti Kamphindi, chifukwa ukamupeza maso ali pa foni, yankho linali limodzi: "Kamphindi chabe, ndikubwera."

Foni yakeyo sinkapuma. Gulu la anzake a kusukulu, gulu la matelala, gulu la kutchalitchi, ndi lina loti mwini wakeyo sankadziwa n'komwe kuti anamulowetsamo ndani. Ikangolira, phazi linkachoka lokha pa makina. Msoko umodzi ankauimira katatu.

Alamu ake, omwe ankasoka naye m'shopu momwemo, anayankhula mpaka kukhosi kuuma.

"Alamu, mukagwira sizasi foni izilowa m'dilowa. Msoko wolakwika timaumasula, koma nsalu mukadula mwadula."

"Inunso alamu! Makasitomala anga ali momwemu."

"Makasitomala ake ati? Amene akutukwanana pa vidiyowo?"

Kamphindi anangoseka n'kupitiriza kusisita foni.

Tsiku lina kunabwera namwino wina wachitsikana, atakumbatira phukusi. M'katimo munali lesi yoyera yamikanda. Ukwati wake unali Loweruka la sabata yotsatira. Nsaluyo anagula ndi mayi ake asanamwalire, n'kuisunga pansi pa sutikesi kuti mwana wawo adzavale tsiku lake.

"Amayi, nsalu ndi yomweyi, ina palibe. Ikwana?"

Kamphindi anayala, anayeza ndi tepi. "Ikwana, koma ndendende. Usadandaule mwana wanga, ili m'manja mwanga."

Lolemba linadutsa nsalu ili pa shelefu. Lachiwiri chimodzimodzi. Sabata imeneyo pa intaneti panali patatentha: woimba wina ndi mkazi wake ankayalutsana, ndipo Kamphindi anali atatenga mbali ya mkaziyo ngati ndi m'bale wake wa bere limodzi. Anthu oti sanawaonepo n'komwe!

Lachitatu m'mawa, poona kuti masiku atha, anayala lesi ija patebulo. Lesi yamikanda saidula itapindidwa. Amaiyala yokha, n'kuika pepala la patani lomwe amalitsatira podula, n'kudula mbali ya kumanzere. Kenako pepala lija amalitembenuza kuti patuluke mbali ya kumanja. Zimenezi ngakhale wophunzira wa mwezi umodzi amazidziwa.

Anadula kumanzere bwinobwino. Foni inalira. Anaisuzumira ndi diso limodzi, n'kupeza kuti munthu wina wayankha komenti yake: "Mayi inu ndinu mbuli."

Ha! Sizasi pansi. Analemba ndi zala zonse ziwiri, anafufuta, analembanso. Munthu uja anabweza. Iyenso anabweza. Anzake a m'gulu analowerera, akumuchemerera kuti amusambitse chokweza.

"Alamu, nsalu ya mwana uja ikukudikirani," anatero alamu ake ali pa makina.

"Kamphindi chabe."

Anabwerera patebulo mutu ukuyankhabe munthu uja. Anaika pepala pa lesi, analibaya ndi mapini, foni ikuwala pambali. Sizasi inayenda. Pepala sanalitembenuze.

Zinadziwika masana, pomwe ankapachika zidutswazo pa chidole choyezera zovala. Alamu ake anaimirira, anayang'ana, anagwira pakamwa.

"Alamu, kodi mkwatibwi wanuyu ali ndi kumanzere kuwiri?"

Kamphindi anayang'anitsitsa zidutswazo. Anayesa kutembenuza chidutswa chimodzi, koma mikanda inapita m'kati, kunja kukuoneka mfundo za ulusi. Anasanthula zotsala pansi pa tebulo. Zinali tizidutswa tosakwana ngakhale kolala.

Lachinayi lonse anathera m'mashopu a nsalu, kachidutswa kali m'manja, thukuta lili kamukamu. Uyu ankati zoterezi zinasiya kubwera kalekale, uyo ankamuonetsa ina yofananirako, koma ukaziika pamodzi ngakhale mwana akanaona kusiyana. Tsiku limenelo foni inalira mpaka kutopa m'chikwama. Za woimba uja analibe nazonso ntchito.

Lachisanu namwino uja anafika kudzayesa diresi, akuchokera ku ntchito, yunifomu ili m'thupi, akumwetulira. Anaona chidole chitavala mbali imodzi. Kumwetulira kuja kunatha.

Kamphindi anagwada. "Mwana wanga, ndalakwitsa podula. Ndikhululukire. Ndikugulira ina yoposa iyi, ndisoka osapuma, mawa uvala."

Mtsikanayo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayamba kuzula mapini m'chidole, imodzi imodzi. Anapinda zidutswa ziwiri zija. Kenako anawerama n'kutola ngakhale tizidutswa ta pansi, n'kutikutumula fumbi, misozi ikugwera pa simenti.

Atafika pakhomo anatembenuka.

"Amayi, ina yoposa iyi mukhoza kuipeza. Koma yomwe anaigwira mayi anga mukaigula kuti?"

Mawa lake anakwatiwa m'diresi lobwereka kwa mnzake, lomuthina m'mapewa. Kamphindi sanapite ku ukwatiwo. Anakhala m'shopu, chitseko chotseka, akulira ngati wafedwa.

Phunziro: Ntchito imene ili m'manja mwako ipatse maso onse awiri. Mauthenga akudikira, mikangano ya anthu osawadziwa idzakhalapo ndi mawa lomwe, koma pali zinthu zina zoti ukaziwononga sungazibwezere. Pogwira ntchito zimitsani kulira kwa foni, muiike patali, muione mukamaliza. Tumizirani nkhaniyi anzanu ndi abale, makamaka uja akuiwerenga pano ntchito itaima.