Mphini Yachitatu pa Thabwa la M'khitchini

Panali munthu wina, mayi wamasiye, amene Lamulungu lina anaitana ana ake kudzadya kunyumba. Anabwera woyamba kubadwa, wa mu ofesi uja abale ake amamutcha Bwana Tayi, ndi mkazi wake. Anabwera mwana wamkazi, namwino. Awiri apakati anatumiza moni pafoni, ngati moni amadyedwa. Chitsiriza mpaka lero sananene chimene chinamugwira mwendo.

M'khitchini mwa mayiwo munali thabwa lokonzerapo chakudya, la mtengo weniweni, lochindikala zala zinayi. Analipala ndi malemu amuna awo, amene anali kalipentala. Mwana akabadwa, bambowo ankatema kamzere ndi mpeni m'mphepete mwa thabwalo, n'kumati ndi mphini za banja. Mphini zinalipo zisanu ndi imodzi, ana amoyo asanu. Yachitatu inali ya khanda limene linangokhala masiku anayi. Chithunzi panalibe, dzina anali asanalipatse. Chinatsala ndi mphiniyo basi, ndipo mayiwo ankaisisita ndi chala m'mawa uliwonse podikira madzi kuwira.

Tsikulo Bwana Tayi anati nyama akazinga yekha kuti anthu aone luso. Potsitsa chiwaya, mafuta otentha anakhutukira pathabwa, chakumphepete. Iye anangoponyapo kansalu n'kukakhala patebulo. Pomaliza kudya, mafuta anali atalowa, banga lakuda lalikulu ngati mbale.

"Usalikhudze," anatero mayi. "Bambo ako anandiphunzitsa. Ndikanya soda ndi timadzi, ndimate pamenepo, agone masiku awiri. Soda amayamwa mafuta. Akakana ndibwereza. Chotsala ndi sandipepala wosalala, pamanja, motsata mizere ya thabwa. Thabwa salipala mopingasa."

"Amayi, soda ndi wophikira," anatero Bwana Tayi. "Masiku ano kuli makina."

"Anakuyamwitsa ndi makina iwe?"

"Achimwene, amvereni amayi," anatero namwino.

"Iwe khala chete, pano palibe wofuna jakisoni," anatero Bwana Tayi.

Lolemba mayi anapita kumsika kukagula soda. Bwana Tayi anali ndi kiyi wa nyumbayo. Pamsewu anakumana ndi mwamuna wina wonyamula makina opalira m'chikwama, munthu wosamudziwa dzina, wosamudziwa kwawo.

"Bwana wanga, mphindi khumi zokha. Thabwa likhala loti muzidziyang'anirapo pomanga tayi."

Mkazi wake anamukoka malaya. "Bambo a mwana, amayi anati tisakhudze."

"Ndikufuna ndiwadabwitse," anatero iye.

Anawadabwitsadi. Munthu uja anayendetsa makina mopingasa, uku ndi uku ngati akukolopa. Mafuta anali pansi, ndiye anakanikiza. Atakanikiza panakumbika. Pofuna kubisa dzenjelo anadya mphepete yonse kuti zifanane. Atazimitsa makina anadziguguda pachifuwa.

"Timizere tonyasa tinali apa ndakuchotseraninso. Timeneto ndi ulere, bwana."

Ananyamula chikwama chake, ulendo.

Mayi analowa ndi kapepala ka soda m'manja. Fumbi la thabwa linali pambale, pamakapu, ngakhale mumchere. Sanayang'ane banga. Anapita kumphepete, n'kuyendetsa chala. Posalala. Anabwereza, kuchokera kukhoma mpaka kumapeto. Posalala.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Ndili pano, amayi."

"Sindikunena iwe!"

Bwana Tayi anayamba kukonza tayi amene sanavale n'komwe. "Ndikugulirani lina lamwala, lonyezimira. Kapena titemenso timizereto, mpeni si uwu?"

"Utema ndi dzanja la ndani? La bambo ako lili m'manda. Iwe unabadwa ndi dzina, sukulu ndinakulipirira pogulitsa makina anga osokera, zithunzi zako zadzaza khoma. M'bale wako anali ndi kamzere kamodzi. Kamodzi! Komweko wakapereka kwa munthu wa pamsewu. Siya kiyi wanga apo, utuluke."

"Amayi, ndimafuna kukuthandizani."

"Ndinakupempha chinthu chimodzi, chaulere, choti mwana woyamwa angachikwanitse: usakhudze. Masatifiketi onse aja mulibe mawu amenewo?"

Choseketsa, ngati n'choseketsa, banga linali likadalipo pansi pa dzenje. Mayi anakanya soda wawo n'kumata. Lachitatu anapukuta, theka la mafuta linali litatuluka. Anabwereza. Lachisanu banga lonse linali litapita, monga ananenera. Koma dzenje lilipo, madzi amadikhamo, ndipo m'mawa uliwonse chala cha mayiwo chimapitabe kumphepete n'kubwerako chabe.

Tsono nkhani ili apa. Wa makina sanaonekenso. Mpongozi, amene sanalakwe kanthu, anabwera kudzagwada. Namwino amabwera Loweruka lililonse kudzapaka thabwa mafuta osamalira matabwa. Awiri apakati anafunsa pafoni kuti kodi chavuta n'chiyani, si thabwa chabe? Chitsiriza sanabwere n'komwe. Bwana Tayi anatumiza shuga, anabwezedwa. Anatumiza foni yatsopano, inabwezedwa ili m'katoni. Mawu oti "Amayi, ndinalakwa, simunaname" sanafike mpaka lero. Ngongole yotsala ndi imeneyo, ndipo sailipira ndi shuga.

Phunziro: Mawu a akulu amakoma akagonera, chimodzimodzi soda pa banga la mafuta. Musanabweretse mlendo ndi makina ake pa chinthu cha m'nyumba ya makolo anu, funsani mwini wake, ndipo akakuyankhani mverani. Banga limachoka, koma chimene mwapala sichimeranso. Tumizani nkhaniyi kwa ana anu, makamaka ovala tayi aja, aiwerenge asanapemphe kiyi.