Asilikali a Mkamwini

Bokosi linagwa mayi Olipa akupukuta fumbi pamwamba pa kabati. Linangoti phii pa kapeti, chivindikiro n'kuthawira uko, ndipo tiasilikali ta pulasitiki tinamwazika pabalaza ponse. Kena kalibe mkono. Kena mfuti ili kuseri kwa mpando, mwini wake ali pakhomo.

"Mayo ine!" anatero mayiwo, manja ali kumutu.

Tikanakhala ta munthu wina, akanangopepesa nkhani n'kutha. Koma tinali ta Norman, mkamwini wawo. Mayiwo anabwera kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, miyezi iwiri yapitayo kudzalera mdzukulu, Chiza, kuti mwana wawo Rejoice abwerere ku ntchito ya unamwino. Masiku onsewo iwo ndi mkamwiniyo ankapatsana ulemu wa kwathu: moni wa chapatali, maso kumbali, mawu ochepa. Ndiye lero ayambire pati? Akaime pamaso pa mpongozi n'kunena kuti ndakuthyolerani zidole? Manyazi ake akanatha kuwabweza ku Lilongwe wapansi.

Zidolezo, kunena zoona, mayiwo sankazimvetsa. Bambo wandevu zake, wosamalira okalamba ku Midland, dera la konkuno ku Perth, wowerenga mawu kutchalitchi, koma akaweruka amakhala pa tebulo n'kumapenta tianthu tochepa ngati chala, lilime lili panja. Loweruka amanyamula bokosi kukamenyanitsa nkhondo ndi abambo anzake. Nkhondo ya pa tebulo! Koma kaya ndi zachibwana kaya ayi, mtima wa munthuyo unali mmenemo, ndipo Loweruka likubwerali kunali mpikisano umene wakhala akuunena mwezi wonse.

Anayang'ana wotchi. Inali teni koloko, khanda lili m'tulo. Eni nyumba abwera folo koloko.

Pa nkhani yomata, mayi Olipa sanali ongoyamba kumene ayi. Ku Area 25 anamatapo masilipasi, beseni, chogwirira cha ketulo, ngakhale magalasi a abusa, ndipo palibe chinabwererako. Chinsinsi chawo chinali chimodzi: supa guluu payekha ndi waulesi. Umadontheza pang'ono, n'kuwazapo soda wophikira therere, zikauma zimasanduka mwala. Guluu anamupeza mu dirowa. Soda anabwera naye okha pa ndege, chifukwa wa kuno sankamukhulupirira.

Anatolera zonse m'thireyi, anavala magalasi, napemphera mwachidule. Mwamwayi mikonoyo inathyoka mwaulemu, pamapewa penipeni, mosalala, moti inkakhazikika popanda kulimbana nayo. Kadontho ka guluu, soda pang'ono, kupemerera ndi pakamwa, kotsatira. Chala chamkombaphala chinamatana ndi chachikulu kawiri, iwo n'kumazilekanitsa ndi mano. Chiza anadzuka, anamuika kumbuyo, ntchito n'kumapitirira.

Pofika thiri koloko tiasilikali tonse makumi anayi tinali ndi mikono iwiriiwiri. Chodabwitsa n'chakuti m'thireyi munatsalabe mfuti ndi malupanga ambirimbiri. Anasuzumira pansi pa mipando kufuna eni ake, osawapeza. Basi anazimata kumsana kwa omwe analipo, poti msilikali sakana mfuti yachiwiri.

Poyamba anaganiza zongobwezera bokosi pa kabati n'kukhala chete. Koma mayi wa Mvano angabise tchimo m'nyumba mwa mwana wake? Eni nyumba atafika, anaitana Rejoice kuti akhale pakati, Norman ataima pakhomo la pabalaza monga mwa masiku onse.

"Uwauze bambo a Chiza kuti ndachimwa," anatero, maso ali pa mwana wawoyo. "Ndinagwetsa bokosi lawo, asilikali onse anathyoka mikono. Koma ndakonza. Aone okha."

Norman anayandikira pang'onopang'ono. Anatola kamsilikali kamodzi, nakoka mkono. Sunasunthe. Anakokanso, milomo atailuma. Anatola kena, kenanso kena.

"Uwauze akoke ndi mphamvu zawo zonse," anatero mayi Olipa, mtima ukuyamba kukhala pansi. "Kumata kwanga sikumatuka. Ngakhale atagwetsa kuchokera padenga, mikono imeneyi sidzachokanso."

Mwamunayo anabwezera kamsilikaliko m'thireyi. Kenako ananjuta, nawomba m'manja katatu mofatsa, m'maso muli misozi.

"Zikomo kwambiri, amayi. Mwagwira ntchito yaikulu."

Ananyamula thireyi ndi manja awiri n'kutuluka nayo pakhonde.

Koma ndiye mayi Olipa anasangalala! Tsiku lonse ankaopa kuti aonongera mkamwini chinthu cha pamtima pake, ndipo onani, munthu walira ndi kuthokoza. Anamasula mwana kumbuyo, nakhala pa mpando wabwino, n'kuyamba kusenda guluu ku zala zawo. Apa ndi pamene anaona kuti Rejoice wabisa nkhope mu pilo, mapewa akugwedezeka.

"Iwe, ukulira kapena ukuseka?"

"Amayi," anatero Rejoice monong'ona, akupukuta maso, "palibe kamene kanathyoka. Mikono imeneyi imachoka dala. Anatha miyezi isanu ndi umodzi akuboola phewa lililonse n'kuikamo maginito, kuti pa mpikisano azisintha zida."

Pakhonde, mkamwini anali akukokabe.