Kadzanja Kosalala ka Eneresi

Mpopi umene a bungwe la madzi anaika mothandizana ndi anzawo akunja unkatseguka pokhapokha ukawerenga mizere ya m'chikhatho. Chikhatho cha Nasibeko unachikana katatu konse, poti khasu linafafaniza mizere kalekale. Koma Eneresi, mkazi wa mwana wake, ankangokhudza ndi kadzanja kosalala, madzi n'kutuluka, adzukulu n'kumamuombera m'manja.

"Ine wokalambira kudambo ndi mtsuko, lero chitsulo chizindifunsa kuti ndine yani?" ankang'ung'udza Nasibeko.

M'mawa wina anamuponyera khasu Eneresi. "Tiyeni kumunda, apongozi. Matuza sapha munthu."

Eneresi analitola mwaulemu. "Chabwino, amayi. Nanga tikabwerako, madzi atitsegulire ndani?"

Nasibeko anayang'ana ndowa zouma zomwe zinali pakhonde, nalanda khasulo.

"Khalani. Mudzolenso mafuta."