Mfuko ndi Penate ya Agwape

Padangokhala, matimu a nyama za m'maiko onse anafika mu ndime yachipulula ya mpikisano wa mpira. Mfuko ankachemerera Agwape, ndipo poti maso ake saona, anakumba mpaka kunsi kwa bwalo kuti azimvera mpira pafupi. Mphindi yomaliza anamva Gwape wogoletsa atagwa khu, pamutu pake penipeni. Wezulo sinalire, ndipo Agwape anatuluka mumpikisano.

"Ija inali penate," Mfuko anauza Nyamalikiti m'mawa mwake. "Woyimbira watibera."

"Achimwene, ine ndinaona zonse," anatero Nyamalikiti. "Palibe anamukhudza. Anapunthwa pa mulu wa dothi limene munatulutsa inuyo."

Mfuko anapukuta dothi kumphuno, nati:

"Mulu wonse uja woyimbira osauona? Ndimanena ine kuti woyimbirayo ngwakhungu."