Gulu Lachitatu

Tionge analoza mzere wofiira pa tchati chimene chinali pakhoma, pamsonkhano wa pafakitale ya sopo ku Chirimba.

"Ndayerekeza avereji ya kulemera kwa sopo wopangidwa ndi magulu atatu a antchito. Njira yowerengera ya ANOVA ikuonetsa kuti kusiyanaku sikunachitike mwangozi. Gulu lachitatu likutulutsa sopo wopepuka."

Pakompyuta yake maguluwo analibe mayina, manambala okha.

"Amayang'anira gulu limenelo ndani?" anafunsa bwana.

Kumbuyo kunamveka mpando ukukokedwa. Bambo ake a Tionge anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Ndine, bwana." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Pepani, madamu. Tikonza."

Tionge anazolika. Nsapato zake zinkanyezimirabe ndi polishi amene bambo akewo anamupakira m'mawa, asanakwere minibasi ku Zingwangwa.